Nkhope ya Malume Ako

Milange, Lachinayi masana

Zeka mwana wanga,

Ana ndawatulutsa msanga lero. Ndawauza kuti profesora mutu ukumupweteka, ndipo sindinawanamize. Ndatsala ndekha m'kalasi muno ndi tebulo logwedera lija. Iwe uli pamzere ku ofesi kudikira giya, chikalata chako cha ulendo, ndipo mawa kamiyawu, lole ija, ikunyamula kupita ku Quelimane, kenako ku Maputo, ku sukulu yanu ya ojambula. Ndikulemba chifukwa pakamwa sipakutithandizanso ine ndi iwe. Ine ndikatsegula panga ndimalalata, iwe ukatsegula pako umalankhula ndi zala za kumapazi kwako. Uipeza kalatayi pamphasa pako. Uwerenge yonse, usadumphe pofuna pokoma, chifukwa pokoma palibe.

Anthu akundiimitsa m'njira. "Profesora, mwabala! M'boma lonse la Milange asankha wanu!" Wina dzulo anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ndimangoti zikomo. Onsewo akudziwa chimene chakusankhitsa, iwenso ukuchidziwa, koma ndichilemba pano kuti ukafika kutaliko usakachikonze m'mutu mwako n'kuchisandutsa nkhani yokoma yosimbira anzako.

Sekeretale wa bayiro, dera lathu lino, anakuitana kuti ujambule pa khoma la msika, paja amalembapo nkhani za chipani kuti anthu aziwerenga. Anati ujambule wakandonga, munthu wozembetsa katundu pamalire n'kumagulitsa mobisa. Sanakuuze kuti akhale ndani. Unajambula chimunthu cha mimba ngati mtsuko, mano a khoswe, thumba la shuga panjinga. Zikanathera pomwepo anthu akanaseka n'kupita kwawo. Koma unachipatsa khutu lamanzere loduka pamwamba ndi kapu yopendekera kumodzi. M'Milange monse khutu lotero linali limodzi, la achimwene anga a Biliyo, malume ako, limene galu wa mzungu wa kumunda wa tiyi analuma iwo ali mwana. Msika wonse unaseka mpaka misozi. Ana ankawathamangira pambuyo pa njinga. Iwo eni tsiku loyamba anaseka nawo, anati, "Mwana wa mlongo wanga uyu dzanja lake ndi loopsa. Koma mimbayo wandinamizira, ndikanakhala nayo bwenzi ndili nduna."

Kenako kunabwera akuluakulu a ku provinsiya. Anaima pakhomapo, anayamikira, n'kufunsa kuti kodi anthu akuseka chiyani chotere. Wina anawalozera malume ako. Pamsonkhano wa Loweruka malume ako anawakweza patebulo, thumba la mchere pamutu, dzuwa likuswa mtengo, ndipo madzulo ake galimoto inawatenga kuti akawakonze maganizo. Ena amati ku Niassa. Mvula yagwa kawiri chichokereni. Palibe kalata, palibe mthenga, ngakhale maliro oti tilire n'kupuma. Akuluakulu omwewo ndi amene analemba dzina lako kuti ukaphunzire.

Usandiuze kuti ankazembetsadi. Ndikudziwa, ankaolotsa sopo, mchere ndi shuga kuchokera ku Muloza. Nanga mkazi wa sekeretale ankachapira sopo wa ndani? Ife tinkathira mchere wa ndani m'ndiwo? Mapensulo ako amitundu aja, oyamba kuwagwira m'moyo wako, anabwera m'thumba la ndani, akununkha sopo? Nkhope ili ndi mwini wake, Zeka. Ukaiwala zonse za m'kalata muno, mawu awa okha akutsate.

Malangizo a munthu wosapunthwapo ndi mphepo, choncho ndikuuza pamene ine ndinapunthwa. Usaganize kuti ndikukuchotsera katundu. Ndikungokuonetsa kumene msewu wako unayambira.

Ndili msinkhu wakowu ndinali ku sukulu ya masisitere ku Quelimane, mtsikana yekhayo wa kwathu kuno amene anafika kumeneko. Atsikana tinkabisa timabuku ta fotonovela pansi pa matiresi, tija ta zithunzi za chikondi, mawu ali m'kathumba pamwamba pa mutu wa munthu. M'timabuku timeneto mwamuna wa chibwano chokongola ndi tsitsi lopesa mzere amakhala wabwino nthawi zonse. Akhoza kuchedwa, koma patsamba lomaliza amabwera ndi maluwa. Nditabwera kutchuthi ndinakumana ndi bambo ako, kalaliki wa m'sitolo ya kumunda wa tiyi, tsitsi lopesa mzere, chibwano ngati achita kudula patsamba. Mayi anga anati, "Iwe, taona mmene amayankhira amake munthuyu." Ine ndinati, "Inu simunapite ku sukulu, simungamvetse." Ndi pakamwa pomwepa ndinatero. Unabadwa iwe, sukulu inathera pomwepo. Azungu akulongedza, bambo ako anawoloka malire kuti akafune ntchito ku Thyolo, ndipo akuifunabe mpaka lero, ndi mkazi wina ndi ana ake ku Luchenza. Sindinawakhululukire ndipo sindikuona tsiku lake. Iwe ukakumana ndi nkhope yokongola ku Maputo, uziyang'ana mmene mwini wake amayankhira amake.

Kupatula nsapato zawo, chuma chokha chimene bambo ako anatisiyira ndi katoni ya timabuku tawo ta zithunzi: amuna a zipewa zazikulu pa akavalo, zimphona zouluka zitavala nsalu kumsana. Ndinakupatsa katoniyo kuti undileke ndikonze ntchito za ana a sukulu. Sindinganame, tinakuphunzitsa zambiri timabuku timeneto. Chipwitikizi unachidziwira mmenemo usanalowe m'kalasi. Unaphunzira mmene mwendo wa kavalo umapindikira, iwe wosaonapo kavalo. Unaphunzira kuika nkhani yonse m'timabokosi tinayi, munthu wosadziwa kuwerenga n'kuimva. Unali mwana wachibwibwi, anzako akukuseka, ndipo makala ndi pepala la thumba la simenti zinakupatsa pakamwa. Ndinkakuona utagona chafufumimba pakhonde, lilime panja, ukukopera, ndipo ndinkanyada. Koma sindinakhalepo nawe pansi n'kutsegula ngakhale kamodzi kuti ndione chimene ukumeza. Mmenemo munthu woipa amadziwika patsamba loyamba, ndi mano, ndi maso, ndi mphuno. Alibe mkazi, alibe mwana, alibe mlongo wake. Akagwa pakavalo, nkhani imapita patsogolo, palibe amene amatsala kulira. Dzanja limaphunzira chimene ukulidyetsa, ndipo lako ndinalidyetsa zimenezo.

Ukukumbuka za akatekisita? Unawajambula makutu ngati malichero, akuimba, ntchentche zikulowa m'kamwa. Ine, mayi ako, profesora, ndinaseka mpaka kukhala pansi. Ndinatenga pepalalo kupita nalo kumsika, kuonetsa anzanga ogulitsa nyemba. Linazungulira Milange yense. Akazi awo anabwera kunyumba, anakhala pamkeka mwaulemu, anati, "Profesora, abambo kunyumba sakufunanso kuima kutsogolo kwa anthu. Akangotsegula pakamwa ana akuseka." Ine ndinati, "Akule mtima, ndi mwana akusewera." Mayi uja anangoti, "Chabwino," n'kunyamuka osamwa madzi amene ndinamupatsa. Iwe unali kuseri kwa chitseko ukumva. Tsiku limenelo ndinakuphunzitsa kuti kuseka kwa anthu ndi malipiro, ndi kuti wolira ndi wochepa mtima. Unali wophunzira wabwino. Nkhope ili ndi mwini wake, Zeka, ndipo mwini wakeyo amakhala ndi anthu kunyumba.

Panali tsiku limodzi limene ukanatha kukhota, ndipo ndine ndinakukoka dzanja. Tchalitchi cha kumishoni atachitseka n'kuchisandutsa nkhokwe ya chimanga, anatituma aphunzitsi kukathandiza kulemba matumba. Ndinapita nawe. Kuseri kwa mulu wa matumba kunali chithunzi chachikulu chija cha pakhoma, chimene anajambula mbale wina wa kumishoni kalekale, amuna atatu pamitanda. Fumbi linali litachikuta, anankafumbwe akuyenda pamapazi pawo. Unakwera pamatumba, unapukuta ndi malaya ako, unaima nthawi yaitali ngati wagwidwa ndi china chake. Kenako unati, "Mama, pa awiriwa wa-wakuba woipa ndi uti? Onse akuoneka ngati anthu." Wojambula uja anali atawapatsa onse nkhope zotopa, nthiti zoonekera, maso a munthu amene akumbukira kwawo. Sanapatse aliyense mano a chilombo. Ine ndinali ndi matumba oti ndiwerenge, ndiponso mantha oti wina ationa tikuyang'ana za tchalitchi. Ndinati, "Tsika apo, ukufuna kundichotsetsa ntchito?" Unatsika. Sunafunsenso. Funso labwino koposa limene unandifunsapo m'moyo wako ndinaliyankha ndi kukalipa. Ku Maputo akakuonetsa zithunzi zotere zambiri, za kuno ndi za kutsidya kwa nyanja, zojambulidwa ndi anthu amene ankatha miyezi pa nkhope imodzi. Ukaima patsogolo pake, usathamange. Wina akakuuza kuti tsika, usatsike msanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Galimoto itawatenga malume ako, ukudziwa chimene ndinachita. Ndinatulutsa katoni ija pabwalo, ndinathira parafini wotsala m'nyali, ndinayatsa. Ndinakukwapula ndi chubu cha njinga yawo yomwe mpaka mkono unandipweteka. Sunalire. Unangoima ukuyang'ana akavalo ako akupsa. Anthu anati ndalanga mwana. Ndinalanga chiyani? Mapepala anapsa, koma timabukuto tinali titalowa kale m'dzanja lako, ndipo moto sufika mmenemo. Chimene ndinapha ndi kulankhulana kwathu. Kuyambira tsiku lija timadyera mbale imodzi ngati anthu okumana pa depoti. Ukadzakhala ndi ako, usadzaganize kuti mkwiyo ndi maphunziro. Ine ndili nawo wambiri, ndipo sunaphunzitsepo aliyense kanthu.

Tsopano umve chimene chandikhazika patebulo lino. Lamlungu ndinali kumsika ndi mlamu wanga, a tiya ako a Mariyana, akazi a malume ako, atagwira mwana wawo Tereza padzanja. Mwanayo anali kumsana pamene bambo ake ankatengedwa, tsopano akuyenda ndipo akulankhula. Tikudutsa pakhoma paja anasomphoka, anathamanga, anamenya khoma ndi kadzanja kake, anati, "Papa! Papa!" Ana anzake ndi amene anamuuza. Amayi ogulitsa matemba anayang'ana kumbali. A tiya ako anamunyamula, ndipo mwanayo analira njira yonse kuti amusiye kwa papa wake.

Penti unagwiritsa ntchito ndi yabwino, mvula siikuchotsa. A tiya ako anapita kwa sekeretale kukapempha kuti apakepo laimu. Anawayankha kuti, "Kamarada, chimenecho ndi chuma cha anthu, alendo anachiyamikira." Chithunzi cha kamera cha malume ako chinali chimodzi chokha, cha pachitupa, ndipo chinapita nawo m'thumba la malaya. Ndiye kuti padziko lonse lapansi nkhope ya a Biliyo yatsala pamalo amodzi, ndipo ili ndi mano a khoswe. Tereza akukula akudziwa kuti bambo ake ndi chimenecho.

N'chifukwa chake Lolemba ndinakuuza kuti usanachoke ujambule nkhope yawo yeniyeni, umusiyire mwanayo. Unandipatsa msana n'kuchoka. Ndinaganiza kuti ndi mwano. Dzulo unaima pakhomo, maso pansi, unati, "Mama, nda-ndayesa. Ndikafika pakamwa, dzanja likungopita ku mano aja. Nkhope yawo yeniyeni sindikuionanso." Ine ndinati, "Ndiye pita uzikajambula makoswe ku Maputo." Unatuluka. Mawuwo ndayenda nawo m'mawa wonse, ndikulemba masamu pabolodi, mpaka mwana wina anandiuza kuti profesora mwalakwitsa. Ndinali ndisanadziwe kuti nawenso anakulanda malume ako, ndipo kuti wokulandayo ndi dzanja lako lomwe. Sindikukumvera chisoni kwambiri, usadzinamize. Koma ndachita mantha. Munthu amene anakusenza paphewa kukaona mpira, amene anakuphunzitsa kumata chubu, wafufutika m'mutu mwako chifukwa cha chithunzi cha tsiku limodzi. Ngati wakhoza kutero ndi malume ako, kumene ukupitako udzatani ndi anthu osawadziwa?

Chifukwa kumeneko akakupatsa makoma aakulu kuposa la msika wathu, ndi penti yambiri. Akakuuza kuti jambula mdani, jambula waulesi, jambula wakandonga. Sindikuuza kuti ukakane. Ndili naye kale mmodzi ku Niassa, sindikufuna awiri. Ukajambule, koma chilombocho chikachoke m'mutu mwako, chisakhale ndi khutu la munthu, chipsera cha munthu, kayendedwe ka munthu amene angadziwike pamsewu. Akakati sichikuseketsa, unene kuti luso lako ndi lochepa. Kuli bwino akutche wosadziwa. Ndipo pa chilombo chilichonse chimene akakulamule, iwe kumbali ukajambule munthu mmodzi weniweni, womupempha, womuyang'ana mpaka utadziwa chimene chimamudetsa nkhawa. Wophika wa pasukulu, mlonda, mayi wogulitsa mtedza pachipata. Ukatero kuti dzanja lisaiwale. Akakana, wakana. Nkhope ili ndi mwini wake.

Anzako a m'tauni akakuseka chifukwa cha Chipwitikizi chako cha kumalire ndi chibwibwi chako. Ndikukudziwa, ukafuna kuwagula ndi pensulo, kujambula mphunzitsi mphuno ngati chinangwa kuti akukonde. Akakukonda ndithu, mpaka tsiku limene pepala lidzafike kwa mwini mphuno. Oseka aja sukawaonanso. Pamsonkhano wa malume ako, amene anaseka kwambiri kumsika ndi amene anaimba mokweza.

Zina ndi zazing'ono. Bulangete ndakuikira lija lofiira, lakuda ndi la a tiya ako. Nsapato za bambo ako zikukukulira, uikemo mapepala kutsogolo. Usabwereke, usabwereketse burashi. Mwana wa eni usamupatse mimba n'kumusiyira katoni ya mabuku. Ukafuna kulemba kalata, uyambe kulembera a tiya ako, ngakhale asakuyankhe, ine ndidzamva kwa iwo. Njira ya ku Mocuba anthu akuinena zambiri masiku ano a nkhondo, ukhale pakati pa kamiyawu, usakhale m'mphepete, ndipo asilikali akakuimitsani usatulutse pensulo.

Tsopano za mawa. Pali chinthu chimene sunachione chifukwa mvula ziwiri zonsezi sunandiyang'anepo kumaso. Mayi athu ankati ine ndi a Biliyo tinagawana nkhope imodzi chifukwa cha umphawi. Chipumi ndi chimodzi, maso ndi amodzi, mphuno yophwatalala ya kwathuyi ndi imodzi. Kumishoni ankanditcha Biliyo wa diresi, ndipo ndinamenyapo mtsikana chifukwa cha dzinalo.

Kamiyawu sinyamuka dzuwa lisanakwere pamwamba pa phiri la Tumbine, dalaivala wake ndimamudziwa, amayamba wadya. Kukangoyera ndidzakhala pampando pakhonde, nditavula duku. Ubwere ndi pepala lako labwino lija ukusungira aphunzitsi a ku Maputo. Undijambule. Uwonjezere ndevu zawo za pachibwano, kapu yawo, ndi khutu lija monga linalili, usalibise, ndi lawo. Pakamwa pakhale potseka, monga ankatsekera akamapopa njinga. Dzanja likayamba kuthamangira ku mano aja, uime, undiyang'anenso, uyambirenso. Ine sindidzalankhula. Ukudziwa wekha kuti kwa ine imeneyo si ntchito yaing'ono.

Ukamaliza upite nacho wekha kwa a tiya ako. Usatume mwana, usandipatse ine. Ugwade pakhomo, upereke ndi manja awiri, unene ndi pakamwa pako chimene unachita, chibwibwi chikugwire kapena chisakugwire. Akachiponya pamoto, ndi ufulu wawo, udzajambula china ku Maputo n'kutumiza. Akachilandira, umuitane Tereza, umuuze kuti papa ndi awa. Kamiyawu ikalira hutala usanathe zonsezi, ilire. Ikakusiya, yakusiya, Maputo sathawa.

Usawerenge izi ngati chikhululukiro. Sindinafikeko, ndipo usandifunse tsiku. Achimwene anga akadzalowa pakhomo ndi mapazi awo, mwina tidzakambirana. Koma ndiwe mwana wanga, ndilibe wina, ndipo sindikulola kuti uchoke m'nyumba mwanga ndi dzanja lodziwa makoswe okha. Ndikhala pampandopo mpaka utamaliza, ndipo kuti umalize uyenera kundiyang'ana.

Ndine mayi ako,
Matilde